Peyala Lisanduka Ndiwo

Kwathu ndi ku Thyolo, dera la zitunda ndi minda ya tiyi. Kuseri kwa nyumba ya amayi anga kuli mtengo waukulu wa mapeyala umene adabzala agogo anga aakazi ine ndisanabadwe. Chaka ndi chaka, mvula ikafika pakati, nthambi zake zimawerama chifukwa cha kulemera kwa zipatso.

Tili ana, peyala tinkalidya m'njira imodzi yokha. Tinkaligamula pakati, kutaya nthangala, ndi kukomba mnofu wake ndi chala. Tsiku lamwayi amayi ankatiwaziramo shuga. Akuluakulu ankati chimenecho n'chakudya cha ana, pakuti munthu wamkulu amakhuta nsima. Mapeyala ambiri ankangogwa okha ndi kuwolera pansi, ndipo agalu a m'mudzi mwathu ankanenepa nyengo imeneyo. Padalibe ndi mmodzi yemwe woganiza kuti peyala lingakhale m'mbale ya ndiwo.

Nditaphunzitsa kwa zaka zingapo, mu 2013 ndidapeza mwayi wokapitiriza maphunziro ku Britain. M'nyumba imene ndinkakhala mudalinso mayi wina, mphunzitsi mnzanga, wochokera ku Mexico. Tsiku lina madzulo ndidampeza m'khitchini atanyamula timapeyala tiwiri takhungu lakuda ndi lokhakhala, ta mtundu wotchedwa Hass, timene adagula ndi ndalama zambiri. Ndidaseka, ndipo ndidamuuza kuti kwathu agalu amadya mapeyala oposa amenewo kukula. Iye sadaseke. Adandiyang'ana monga momwe mungayang'anire munthu wonena kuti kwawo amasonkhera moto ndalama. Kenaka adati, "Khalani pansi, muone."

Adawaza tomato, anyezi ndi tsabola. Adakanya mnofu wa mapeyala aja, nasakaniza zonse pamodzi, nafinyiramo ndimu ndi kuthira mchere. Tidadyera timikate topyapyala ta ufa wa chimanga timene kwawo amatitcha tortilla. Pakamwa panga padadabwa. Peyala limene ndidalidziwa kuyambira ubwana wanga lidali litasanduka ndiwo, ndiwo zokoma ndithu.

Tikudya, mnzangayo adandifotokozera kuti kwawo kwenikweni kwa mtengo wa mapeyala ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nalo, ndipo anthu a kumeneko akhala akudya chipatsochi kwa zaka zikwizikwi. Anthu a mtundu wa Aztec, amene ufumu wawo udagonjetsedwa ndi ankhondo a ku Spain mu 1521, peyala ankalitcha ahuacatl, ndipo msuzi ankautcha molli. Mawu awiriwa ataphatikizana adabala dzina lakuti guacamole, ndilo dzina la mapeyala okanya. Palinso mawu akuti salsa, amene m'Chisipanishi atanthauza msuzi, ndipo amanenedwa pa ndiwo zosiyanasiyana zothira tsabola, zina mwa izo zamapeyala. Amayi a kumeneko amasinjira ndiwozi m'kamtondo ka mwala kotchedwa molcajete. Mpaka lero Mexico ndilo dziko lolima mapeyala ambiri kuposa dziko lina lililonse, makamaka m'chigawo cha Michoacán.

Koma chimene chidandikhudza mtima ndi ichi: chimanga chimene timapera ufa wa nsima nachonso chidachokera ku Mexico komweko. Chidafika ku Africa pa zombo za amalonda, chitapita chaka cha 1500. Tsabola nayenso kwawo ndi ku America, ndipo ngakhale dzina lakuti tomato lidachokera ku mawu a anthu a Aztec akuti tomatl. Usiku umenewo ndidagona ndi funso. Ngati chimanga ndi peyala ndi ana a mudzi umodzi, ndipo kwawoko amadyera m'mbale imodzi, nanga ife tidawalekanitsiranji? Akuluakulu adanena zoona kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Nditabwerera kuno kwathu, ntchito idandichulukira ndipo funso lija ndidaliiwala. Lidadzandikumbutsa ndi chilala cha 2016. Chaka chimenecho mvula idavuta kwambiri m'chigawo cha kummwera, ndipo chimanga cha anthu ambiri chidafota chisanabereke. Pa tchuthi cha Pasaka ndidapita kumudzi kukaona amayi. Ndiwo zimene ndidapeza zidali nkhwani ndi bonongwe zongowiritsa, zopanda mafuta ngakhale nsinjiro. Komabe mtengo wa agogo uja udali utabereka monga mwa masiku onse.

Madzulo amayi adandinong'oneza kuti mtengowo masiku ake adali owerengeka. M'mawa mwake ndidapita kwa amalume, amene ndiwo eni mbumba yathu, ndipo ndidagwada pambali pawo.

"Malume, ndamva kuti mtengo wa agogo mwagulitsa."

"Kugulitsa sindinagulitse, Nambewe, koma ndalonjeza. Mvula ikatha, anyamata ootcha njerwa abwera ndi nkhwangwa. Nkhokwe waiona wekha. Kodi ana awa adzadya mthunzi?"

Ndidasowa poyambira, chifukwa mawu awo adali oona. Ndidati, "Chimanga ndigula ine, malume."

"Chaka chino ugula. Nanga chaka chamawa? Mtengo wonenepetsa agalu uli ndi ntchito yanji pakhomo pa anthu?"

Mwana wa mlongo satsutsana ndi amalume ake pabwalo. Ndidaomba m'manja ndi kuchoka. Koma mumtima ndidati, pamene pakamwa palephera, mwina mbale ingayankhule.

Tsiku lomwelo ndidatola mapeyala ofewa pansi pa mtengo, ndipo ndidakonza ndiwo zija dzuwa lisanakwere. Ndimu ndidalibe, ndipo mbale ndidaisiya yosavundikira kufikira masana. Pokaitenga ndidapeza pamwamba ponse patada bii, madzi a tomato atayenderera m'mbali. Amayi adasuzumira nati, "Mwanawe, izi usawapatse amalume ako. Angati wawathirira mankhwala." Ndidachita manyazi, ine mphunzitsi wa aphunzitsi. Ndidali nditaiwala kuti mnofu wa peyala ukakhudzana ndi mpweya umada, monga momwe imadera nthochi yosenda, ndi kuti madzi a ndimu ndiwo amachedwetsa kudako.

Ndidayambanso, koma mosafulumira. Peyala lili ndi khalidwe lachilendo: silipsa lili mumtengo. Limakhwimira m'mwamba, koma limafewa likathyoledwa. Tsono ndidathyola okhwima bwino, ndi kuwavundikira m'dengu pamodzi ndi nthochi zakupsa. Nthochi yakupsa imatulutsa mpweya wina wosaoneka umene umafulumizitsa zipatso zinzake kupsa. M'mawa uliwonse ndinkawadina pang'ono ndi chala pafupi ndi phesi, osati kuwafinya, chifukwa peyala lofinyidwa limavulala m'kati. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa tsiku lachisanu adafewa.

Zimene ndidasonkhanitsa ndi izi: mapeyala awiri akuluakulu, tomato atatu olimba, anyezi mmodzi wamng'ono, tsabola mmodzi wa kambuzi, ndimu limodzi ndi mchere wokwana theka la supuni yaing'ono. Poyamba ndidasamba m'manja ndi sopo, ndipo tomato, tsabola, mpeni ndi mbale ndidazitsuka ndi madzi owiritsa. Ichi n'chofunika kwambiri, pakuti ndiwo zimenezi sizipita pamoto, ndipo chakudya chachiwisi chotsukidwa ndi madzi oipa chimadzetsa matenda otsekula m'mimba.

Tomato ndidamudula pakati ndi kuchotsa njere ndi madzi ake, kuti ndiwo zisachite madzimadzi, kenaka ndidamuwaza tizidutswa tating'ono. Ndikuwaza anyezi, amayi adandilanda mpeni. "Anyezi waiwisi amaluma," adatero. "Muviike kaye m'madzi a mchere monga tichitira pokonza kachumbali." Adatenganso kamtondo kawo, nasinja tsabola uja pamodzi ndi mchere kufikira zidasalala. Pomva kulira kwa munsi ndidakumbukira kamtondo ka mwala ka ku Mexico. Amayi anga sadapiteko kutali ndi Limbe, koma manja awo adadziwa okha chochita.

Mapeyala ndidawasiya kufikira nsima ili pamoto. Pamenepo ndipo ndidawagamula. Limodzi ndidalikanya ndi supuni, linalo ndidalidula tizidutswa kuti pakamwa pazikhala potafuna. Nthawi yomweyo ndidafinyiramo ndimu lonse, ndi kuthiramo tomato, anyezi ndi tsabola wosinja uja. Ndidatakasa pang'onopang'ono ndi kulawa. Mbale idaoneka yobiriwira, yamawangamawanga ofiira ndi oyera.

Ndidapereka chakudya kwa amalume pakhonde: nsima, nkhwani ndi kambale ka mapeyala. Atasamba m'manja adavundukula kambale kaja, nakayang'ana nthawi yaitali.

"Izi ndiye ndiwo za ku Ulaya?"

"Iyayi, malume. Ndi za kuseri kwa nyumba."

Adatema nsima, nasunsa pang'ono pokha, monga munthu woyesa kuya kwa mtsinje. Ine ndidabwerera kukhitchini mtima uli m'mwamba. Mwana atabweza mbale, tidapeza nkhwani watsalako, koma kambale ka mapeyala kadali kokombedwa mbee. Ndidamfunsa mwanayo ngati agogo ake adanenapo kanthu. Iye adati, "Angoti tsabola anachepa."

Amayi adaseka mpaka kugwetsa chipande. Iwo amawadziwa alongo awo: munthu amene sayamikira ndiwo ndi pakamwa. Mawa lake tidaonjezera tsabola, ndipo ana onse a pakhomopo adadya nsima yawo ndi kuimaliza.

Za mtengo sadanenepo kanthu sabata yonse. Tsiku lobwerera kuntchito, adandiperekeza kufikira pamsewu. Basi ikuoneka patali adati, "Anyamata a njerwa aja ndawauza kuti akafune nkhuni kwina. Koma chimanga chija usaiwale." Sindidaiwale. Mwezi utatha ndidatumiza matumba awiri.

Ana inu, musaganize kuti peyala lidathetsa njala ya chaka chimenecho. Njala idapitirira, ndipo mabanja ambiri adavutika kufikira kukolola kwa chaka chotsatira. Koma lidatipatsa chinthu chimene chidasoweka m'miphika yathu, ndicho mafuta. Mudaphunzira kuti zakudya zili m'magulu asanu ndi limodzi, ndipo peyala lili m'gulu la zamafuta. M'mapeyala a mitundu ina, mnofu wolemera magalamu 100 umakhala ndi mafuta okwana pafupifupi magalamu 15. Mafutawa amapatsa thupi mphamvu, ndiponso amathandiza thupi kulandira vitamini A kuchokera m'ndiwo zamasamba. Mwana wodya nkhwani pamodzi ndi peyala amapindula kuposa wodya nkhwani wongowiritsa. Taonani tsono: tinkadandaula kuti tilibe ndalama zogulira mafuta a m'botolo, pamene mafuta ankagwa okha kuseri kwa nyumba.

Kumbukiraninso kuti mtengo wa mapeyala wobzala kuchokera ku nthangala umatenga zaka zisanu, nthawi zina kupitirira khumi, kuti uyambe kubereka. Womezanitsa umabereka patapita zaka zitatu kapena zinayi. Koma nkhwangwa imaugwetsa m'mawa umodzi.

Mtengo wa agogo ulipobe. Amayi ndiwo zija amazitcha ndiwo za mumtengo, ndipo tsopano amazikonza bwino kuposa ine. Nyengo ya mapeyala ikafika, inunso pemphani makolo anu kuti akuthandizeni kugwira mpeni, ndipo muyese. Sambani m'manja musanayambe, musagwire m'maso mutakhudza tsabola, musaiwale ndimu, ndipo mudye nthawi yomweyo. Mbale yoyamba mukaipereke kwa munthu wamkulu wa pakhomo panu. Akakuuzani kuti tsabola wachepa, dziwani kuti mwakhoza.

Mafunso

1. Kodi mtengo wa mapeyala kwawo kwenikweni n'kuti?
2. Tchulani mbewu zina ziwiri za m'nkhaniyi zimene zidachokera ku America.
3. N'chifukwa chiyani amalume adafuna kudulitsa mtengo? Kodi maganizo awo adali olakwika? Fotokozani.
4. N'chiyani chidadetsa ndiwo zimene mlembi adakonza poyamba?
5. Kodi mwambi wakuti "kuona maso a nkhono n'kudekha" ukugwirizana bwanji ndi nkhaniyi?
6. Amayi adasekeranji atamva kuti tsabola adachepa?

Ntchito

Lembani ndime ziwiri zofotokoza chipatso chimene chimangowolera pansi kwanu, ndi njira imene mungachigwiritsire ntchito.