Safunsa Anadya Phula

Titalandila penshoni, tinagulila mwana wathu makina owochelela a TIG otsika mtengo, a DC cabe, kuti ayambe nchito m'kashedi kuseli kwa nyumba. Atawayesa pa aluminiyamu wocindikala mamilimita 6, msoko sunagwile.

Cifukwa cake tinacidziwa mocedwa. Aluminiyamu amasungunuka pa madigili 660, koma khungu la pamwamba pake limafuna opitilila 2,000, ndipo amene amaliswa ndi magetsi a AC. Komanso citsuloci cimamwaza kutentha msanga, motelo milimita iliyonse imadya ma amp pafupifupi 40.

Abale okondedwa, musanagule funsani zitatu. Kodi makinawo ali ndi AC? Kodi afika ma amp 250? Nanga mawaya a m'nyumba mwanu adzapilila? Ife tinafunsa ndalama zitapita kale.