Thobwa Limakoma Likagonera

Akale anati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Wofuna kumvetsa mwambiwu apite pamsika wa Namitete, Mpingu kapena Nsaru, akaone amayi ogulitsa thobwa. M'mabanja ena ntchitoyi inayamba ndi agogo, amene ankatunga mumtsuko ndi chikho. Lero adzukulu awo amathira m'mabotolo.

Thobwa silifuna phuma. Mawere amaviikidwa m'madzi, namera, nayanikidwa, kenako nasinjidwa kukhala chimera. Phala la mgaiwa likapola pang'ono, amathiramo chimeracho n'kulisiya ligone, m'mawa mwake n'kuliwiritsanso. Chimera ndicho chimatsekemeretsa phalalo. Wochithira phala likadali la moto amachipha mphamvu, mapeto ake amathawira ku shuga wakusitolo.

Kale thobwa linkamwedwa padima, paukwati ndi pamaliro. Ngakhale ku Hong Kong kuli mabanja osunga luso lotere, ophika msuzi wotsekemera wa nyemba zofiira kapena chitowe.

Koma luso lotere salembera m'kope. Mdzukulu wonyoza mphika wa agogo ake adzalandira malo a pamsika ngati cholowa, koma ogula adzalawa kamodzi n'kupita kwina.