Masiku Awiri a Chiperoni pa Phiri la Zomba

Amene anakhalapo m'tauni ya Zomba adziwa kuti munthu wa kumeneko asanayanike zovala amayamba wayang'ana kuphiri. Phirilo likaoneka bwino mpaka pamwamba, tsikulo n'labwino. Koma likafunda nkhungu, ndiye kuti ngakhale pamsika pali dzuwa, kumtundako kukugwa kanthu. Ife tinaliona litafunda m'mawa umene tinanyamuka, koma popeza munali m'mwezi wa July, pakati pa nyengo yopanda mvula, tinangouzana kuti nkhunguyo ichoka dzuwa likakwera.

Tinalipo anthu 19: anyamata 9 ndi atsikana 6 a m'kalasi, amayi awiri a Mvano, mkulu wa mpingo mmodzi wachikulire amene ntchito yawo ndi yautelala, ndi ine. Makolo ena anavomera movutikira kuti ana awo akagone kuphiri, makamaka mayi wina amene mwana wake amadwala mphumu. Ine ndi amene ndinapita kunyumba kwawo kukawalimbitsa mtima kuti mwanayo akagona pouma ndi pofunda, pakuti tinali ndi mahema awiri. Wina anali wanayiloni, wobwereka, wa amayi ndi atsikana. Winayo anali hema wakale wa mpingo wathu, wa nsalu yochindikala ya thonje, wobiriwira, wolemera kotero kuti amamunyamula anthu awiri. Ana amangoti tenti, koma ife amene tinakula ndi Buku Lopatulika tinazolowera kunena kuti hema.

Msewu wokwera phirili ndi wokhotakhota, ndipo pa khona iliyonse tauni imanka icheperachepera pansi. Zomba anali likulu la dziko lino kufikira 1975, ndipo nyumba zakale za boma zikuonekabe pakati pa mitengo m'munsi mwa phiri. Pamwamba pali poyalika ngati thebulo, pamene mitsinje imayambira, ndipo nsonga yake yaitali ipitirira mamita 2,000. Tinadutsa damu la Mulunguzi limene limamwetsa tauni yonse, tinagula mbatata ya kachewere kwa anyamata ogulitsa m'mbali mwa msewu, ndipo masana tinakaima pa Emperor's View, malo amene anatchulidwa chotero pokumbukira ulendo wa mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965. Nkhungu inang'ambika pang'ono, ndipo ana anaona nyanja ya Chilwa ikunyezimira kum'mawa ndi phiri la Mulanje litaima patali. Chimene chinandimvetsa chisoni ndi zitsa: malo ambiri amene kale anali nkhalango ya paini yoti munthu n'kusokeramo tsopano ndi udzu ndi mitengo yopserera.

Tinamanga mahema dzuwa litapendeka. Potambasula hema wakaleyo panatuluka fungo ngati la chimanga chofuka m'nkhokwe yodontha, ndipo m'mapindiro ake munali madontho akuda. Abambo aja anakanda dontho limodzi ndi chikhadabo, nagwedeza mutu, koma sananene kanthu. Ine ndinaona, ndipo ndinayang'ana kumbali.

Cha m'ma 9 koloko usiku chiperoni chinayamba. Abale a kuchigwa mwina sachidziwa bwino. Si mvula ya mabingu ayi; ndi mvula yamawawa yosakanikirana ndi nkhungu, imene imadza ndi mphepo yachinyezi yochokera ku nyanja yaikulu ya Indian Ocean m'miyezi yozizira, ndipo dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene mphepoyo imadzera. Sichichita phokoso, koma chikhoza kukhala masiku awiri kapena atatu osakata, ndipo chimapeza kabowo kalikonse.

Madontho oyamba anatsikira mumsoko wa pamwamba. Mnyamata wina poona kuti nsalu yada ndi madzi pamwamba pa mutu wake anaikhudza ndi chala kuti aone ngati yanyowa mpaka mkati, ndipo pomwepo panayamba kudontha, osalekanso. Abambo aja anati, "Ana inu, musakhudze nsalu, ndipo chotsani zikwama ndi mabulangeti zimene zatsamira m'mbalimo." Chifukwa chake n'chakuti ulusi wa thonje ukanyowa umafufuma n'kutseka timipata ta nsalu, ndipo madzi amatsetsereka kunja, koma chinthu chikakhudza mkati chimawakokera madziwo monga chingwe cha nyali chikokera palafini.

Pakati pa usiku tinamva kuti thii, kenaka kung'ambika. Zingwe za hema wathu n'zakhonje, ndipo khonje likanyowa limafupika. Ife madzulo tinazikunga kwambiri kuti hema aoneke wowongoka, osadziwa kuti zingwe zoterezi amazimasula pang'ono usiku. Tsono chingwe cha pangodya chinakoka, chikhomo chinakana kuzuka, ndipo chimene chinagonja ndi nsalu, pamalo pomwe panali madontho akuda aja. Mng'alu wake unali wotalika ngati mkono wa mwana, ndipo mphepo inalowa ndi madzi.

Mwana wa mphumu uja anayamba kutsokomola. Mnzake wina mwa chifundo anati, "Agogo, bwanji tilowetse mbaula kuti atenthedwe?" Abambowo, amene sakonda kukweza mawu, anayankha mwamphamvu: "Iyayi, mwana wanga. Mbaula silowa muno." Makala oyaka pamalo otsekeka amatulutsa mpweya woipa wopanda fungo ndi wosaoneka, umene umagoneka munthu tulo tosadzukanso, ndipo nsalu yonyowa yotseka timipata tonse ndiyo imausunga bwino mpweyawo. Tinamuika mwanayo pakati pa anzake, tinamufunditsa majekete athu, ndipo ine ndinakhala tsonga mpaka kucha nditagwira lona pa mng'alu paja. Pa maola amenewo ndinali ndi nthawi yokwanira yokumbukira chimene chinaonongetsa hemayo.

Mu March 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba m'maboma ambiri a kum'mwera kuno, mpingo unabwereketsa hemayu kwa banja lina limene linatsala pamtetete. Anakhalamo miyezi ingapo, ndipo anamusamala bwino. Tsiku limene anamubweza kunali kamvula, ndipo ife amene tinamulandira tinali pachangu cha maliro. Tinamupinda ali wachinyezi, tinamuponya pakona ya vesitili pa simenti, tikuti tidzamuyanika Loweruka. Loweruka limenelo silinafike. Katundu wa mpingo ali ndi vuto lakuti aliyense amayesa kuti mnzake wachita kale. Hema amene anapirira mvula ya Freddy anaolera m'nyumba ya malata, ndipo mmodzi mwa omupindawo ndinali ine.

Kutacha tinamva kuti nawonso amayi sanagone bwino, ngakhale hema wawo analibe bowo. Poopa kuzizira anatseka timazenera tonse, ndipo nthunzi ya mpweya wa anthu 8 inasanduka madzi pansalu mkati, n'kumawagwera ngati mame. Kuwonjezera apo, pepala lapulasitiki limene anayala pansi linatulukira kunja kwa hema, kotero kuti linkalandira madzi otsika padenga n'kuwalowetsa kunsi kwa mikeka. Zonse ziwirizi zinakonzeka m'kanthawi kochepa: kutsegula timazenera ta pamwamba ndi kupindira pepalalo mkati.

Cha m'ma 10 koloko kunawala kadzuwa. Ine ndinali nditaganiza zoti titsike, koma abambo aja anatulutsa m'thumba la jekete kansalu kokulunga, mmene munali singano yosokera matumba, ulusi wolimba ndi chibulumwa cha phula la njuchi. Anati, "Aphunzitsi, telala sayenda wopanda izi. Tiyeni tiyese, tikalephera titsika masana."

Tinagwetsa hema n'kumuyanika pathanthwe. Mbali yong'ambikayo itauma, iwo anayamba kukoka nsalu ndi zala mozungulira mng'alu, kufuna kupeza pamene kuola kwalekezera, pakuti chigamba chosokerera pansalu yoola chimangong'amba pena. Anadula thumba limene timasungiramo zikhomo, lomwe ndi la nsalu yofanana, natulutsamo zigamba ziwiri zopitirira mng'aluwo ndi zala zinayi mbali zonse. Asanaike chigamba analumikiza milomo ya mng'alu ndi msoko wosakoka kwambiri. Kenaka anapinda m'mphepete mwa chigamba chachikulu kuti chisayoyoke, nachiika kunja, china mkati, nasoka mizere iwiri. Ulusi uliwonse ankayamba aupaka phula poukoka pachibulumwa chija katatu, kuti ulowe mosavuta, usaole, ndiponso utseke bowo limene singano yaboola. Anyamata ankasinthana kukankha singano ndi kandalama kachitsulo, popeza nsalu zitatu zosanjikizana sizilola chala chabe. Ntchitoyi inatenga maola atatu, ndipo sindinaonepo anyamata amenewa atakhala chete nthawi yaitali chotero, ngakhale m'kalasi.

Atatha anatipatsa phula lotsala ndi makandulo awiri kuti tikhute m'misoko yonse ya padenga, mbali ya kunja, mpaka timabowo ta ulusi titadzaza. Kandulo yemweyo tinapakanso pa zipi wa hema wa amayi amene ankalimba. Apo mnyamata wina anati anamva kuti kandulo akamusungunula mu petulo kapena m'palafini, n'kupaka hema yense, madzi salowanso. N'zoona kuti salowa, koma owerenga okondedwa, musayese. Pa 6 July 1944, mumzinda wa Hartford ku America, chihema chachikulu cha zisudzo chimene chinapakidwa sera wosungunulira mu petulo chinagwira moto anthu ali mkati, ndipo chinanyeka m'mphindi zochepa. Anthu oposa 160 anafa, ambiri a iwo amayi ndi ana. Phula pang'ono pamsoko ndi lokwanira. Nsalu yonse ikafuna kupakidwa, pali mankhwala ake a m'sitolo opangidwira ntchito imeneyi, ndipo amapakidwa pa hema woyera, wouma, atamangidwa pabwalo.

Pomanganso tinasankha malo okwererapo pang'ono, kutali ndi mitengo imene imapitiriza kudontha ngakhale mvula itakata, ndipo khomo tinalilozetsa kumene sikuchokera mphepo. Tinakumba kangalande mbali ya kumtunda, ndipo kusanade tinazungulira n'kumasula chingwe chilichonse pang'ono. Hema wa amayi tinachita naye zosiyana, chifukwa nayiloni ikanyowa imalendewera, tsono imafuna kukungidwanso kuti nsalu yakunja isakhudze yamkati.

Pa mapemphero a madzulo tinawerenga Machitidwe 18, pamene timva kuti Paulo ali ku Korinto anakhala kwa Akula ndi Priskila chifukwa ntchito yawo inali imodzi, yosoka mahema. Ana anali ataumva mutu umenewu kangapo, koma tsiku limenelo ankayang'ana matuza a m'zala zawo. Mtsikana wina anafunsa ngati Priskila nayenso ankasoka. Amayi a Mvano anamuyankha kuti awerengenso vesi 3 yekha, ndipo atawerenga anamwetulira.

Chiperoni chinabweranso usiku wachiwiri, champhamvu kuposa dzulo lake. Ndinadzuka katatu ndi tochi. Chigamba chinali chouma mkati; panali kadontho kamodzi kokha pafupi ndi mzati, pamene tinaika kapu. Mwana uja anagona mpaka m'mawa.

Tinatsika ndi mahema onyowa, pakuti panalibe kuchitira mwina, koma tsiku lomwelo tinawamanga pabwalo la tchalitchi. Wanayiloni anauma msanga ndipo tinamuchotsa, chifukwa dzuwa lambiri limaifooketsa nsalu imeneyi. Wathonje anakhala masiku atatu, kufikira misoko ndi zingwe zitauma, popeza m'menemo ndimo chinyezi chimabisala. Chuku tinachichotsa ndi bulashi youma, kenaka ndi madzi othira viniga pang'ono. Sopo waufa abambo aja analetsa, chifukwa amachotsa mankhwala oletsa madzi ndipo wotsalira m'nsalu amakoka madzi. Madontho akudawo sanachoke, ndipo sadzachoka.

Madzulo ake ndinapita kwa mayi uja kukawauza zonse monga zinachitikira, mwana asanandiyambirire. Anamvetsera osandidula mawu, ndipo pomaliza anangofunsa kuti, "Nanga hemayo tsopano mwamuika pati?" Ndinawauza kuti ali m'thumba, wopachikidwa kudenga la vesitili kumene chiswe ndi makoswe sizifika msanga, ndipo m'thumba momwemo muli singano, ulusi ndi phula. Anyamata awiri alembedwa m'kabuku kuti azimutambasula padzuwa mvula isanayambe ndiponso ikatha. Abambo aja akuti mbali yonse ya kumanzere yafooka, ndipo sikhala zaka ziwiri isanafune nsalu yatsopano ya mamita 4. Nkhani ya ndalama zake ili pa mndandanda wa seshoni ya mwezi wamawa.