Mtengo wa lupanga lamtengo

Mnzanga wina ali ndi chipsera pamwamba pa diso lakumanzere, ndipo ndikachiona ndimadziwa kuti gawo lina la mlanduwo ndi langa. Sindinam'menye ndine. Chomwe ndinachita n'kunenerera mtengo.

Chaka chatha, m'kagulu kathu ka karate pasukulu munabwera mkulu wina amene anaphunzirako aikido ali ku Johannesburg. Anadzipereka kutiphunzitsa kagwiridwe ka lupanga kwaulere, bola tipeze tokha malupanga amtengo ophunzirira, omwe ku Japan amawatcha bokken. Ndi mtengo wosemedwa wotalika mita imodzi ndi pang'ono, wopindika pang'ono ngati lupanga lenileni, wolemera pafupifupi theka la kilogalamu. Ku Japan amasema kuchokera ku mtengo wolimba wotchedwa kashi, ndipo ambiri amachokera mumzinda umodzi wa Miyakonojo. Titayang'ana pa intaneti tinapeza mitengo ili m'madola, osawerengera zotumizira ndi msonkho. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mwana wasukulu salotanso zoitanitsa katundu kunja.

Apa m'pomwe ndinadzitama. Ndinati kwathu ku Dedza amisiri osema ali mbwee, kuyambira m'mbali mwa msewu wa M1 mpaka kutsikira ku Mua, komwe malo a KuNgoni akhala akusula osema ziboliboli kuyambira 1976. Tinasonkha K6,000 aliyense anthu khumi, ndipo patchuthi cha mu Juni ndinanyamula K60,000 ndi pepala la miyeso.

Ndinapita kwa bambo wina wachikulire wa kufupi ndi Bembeke, yemwe amadziwika ndi mipini, mipando ya ndalema ndi zibonga za ovina ngoma. Kunali chisanu chija cha ku Dedza chomwe chimaumitsa zala. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, n'kufunsa ngati malupangawo ndi opachika pakhoma kapena omenyanitsa. Nditati ndi omenyanitsa, anati limodzi ndi K20,000, ndipo ndidikire miyezi iwiri.

Ndinaseka. "Bambo, zoona K20,000 ndodo chabe?"

"Ngati ndi ndodo mwananga, kathyole kutchireku, n'zaulere," anatero osakweza mawu. Anandichenjezanso kuti ndikapita kwina ndisalole paini.

Ndinachoka ndikuganiza kuti andiona ngati mzungu wodzaona malo. Pa Boma ndinapeza kalipentala wachinyamata amene anavomera khumi onse pa K50,000, masiku atatu okha. Anagwiritsa ntchito paini, mtengo womwe ku Dedza ndi wosasowa chifukwa cha nkhalango zobzala za m'phiri la Dedza ndi ku Chongoni. Anawapaka vanishi, akuwala ngati a m'filimu. Ndinabwerera kusukulu ndi tchenji cha K10,000 ndipo anzanga anandiombera m'manja.

Sabata yachiwiri, anzathu awiri akuyeserera kutchinga, lupanga limodzi linathyoka pamfundo. Chidutswa chosongoka chinauluka n'kum'cheka mnzanga uja pachikope. Anam'soka kuchipatala. Chikanatsika pang'ono chabe, bwenzi lero tikunena za diso. Kalipentala uja sindimuimba mlandu, chifukwa anandipatsa chomwe ndalama zanga zinkakwanira. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine ndinali nditamutenga mnansiyo ngati wakuba.

Mu Okutobala ndinabwerera kwa bambo aja, manyazi ali tho. Sanandinyoze. Anandikhazika pachitsa n'kundiwerengera ndalamayo mmodzimmodzi.

Choyamba ndi thabwa. Liyenera kukhala la mtengo wolimba, louma bwino pamthunzi kwa miyezi, chifukwa laliwisi limapindika ndi kung'aluka likamauma. Pathabwa lonse, iwo amasankha pokhapo pomwe mitsempha ya mtengo yayenda chowongoka kuchokera kuchigwiriro mpaka kunsonga, popanda mfundo. Malo otere ndi ochepa, ndiye thabwa lomwe ine ndinkaona malupanga asanu iwo ankaonamo awiri. Kupindika kwa lupangako kumafunanso thabwa lotambalala, ndipo zambiri zimathera m'zipalapasiro. Paini ndi wofewa, wodzaza mfundo, ndipo akathyoka amasiya minga. Vanishi amabisa ming'alu komanso amaterera m'manja mukatuluka thukuta, n'chifukwa chake iwo amapaka mafuta.

Ndinafunsa za phingo, poti ndi wakuda mokongola. Anapukusa mutu. Anati ndi wolemera kwambiri, sapezeka wautali wowongoka, ndipo mitengo yachilengedwe ngati phingo, mlombwa ndi muwanga sungangodula popanda chilolezo cha a zankhalango. Amene amagulitsa motchipa zinthu za mitengo imeneyi nthawi zambiri amakhala kuti mtengowo sanaugule. Anasankha bulugama wokhwima yemwe anamuumitsa kale kuseri kwa nyumba.

Kenako ndi nthawi. Lupanga limodzi limawatengera masiku awiri ndi kasemasema, puleni ndi sandipepa, akuliyesa m'manja kuti kulemera kusathawire kunsonga. Loyamba limatenga nthawi yoposa pamenepo chifukwa chinthucho sanachipangepo, ndipo likalakwika palibe wina ku Dedza amene angaligule. Mpini ukakanidwa ndi uyu, mawa ugulidwa ndi uyo. Lupanga la aikido likakanidwa ndi nkhuni basi. Titachotsa thabwa, mafuta ndi sandipepa, zotsala pa tsiku zinali ndalama yomwe ine ndingakane nditapemphedwa kuphunzitsa mwana wa Fomu 4 masamu tsiku lonse.

Ndikudziwa zomwe ena a inu munganene. Ndife ana asukulu, ndalama ya mwezi imatha pa 15, ndipo kunenerera ndi chikhalidwe chathu pamsika. N'zoonanso kuti alipo ogulitsa amene amakweza mtengo akangoona chikwama cha laputopu. Sindikuti tizilipira chilichonse chomwe tauzidwa. Koma kunenerera tomato, yemwe ali kale pa benchi ndipo mtengo wake ukudziwika msika wonse, n'kosiyana ndi kunenerera chinthu chomwe sichinapangidwe. Pa chinthu chochita kuitanitsa, ukatsitsa mtengo mmisiri sataya phindu lokha ayi. Amachotsa kenakake m'katunduyo: thabwa labwino, tsiku limodzi la ntchito, kapena kuumitsa kuja. Iwe sudziwa chomwe chachotsedwa mpaka tsiku lomwe chathyoka.

Chomwe chimandipweteka kwambiri n'chakuti ife tomwe ndife oyamba kudandaula. Tikamaliza sukulu timakwiya wina akatipempha kuti tim'jambulire chizindikiro cha bizinesi, tim'konzere kompyuta kapena tim'lembere pempho la thandizo, n'kutiuza kuti "ndi kanthu kakang'ono, ungochita". Timati anthu salemekeza maphunziro athu. Koma ine, wa chaka chachitatu, ndinaima pamaso pa munthu amene wagwira kasemasema zaka zoposa zanga zobadwa n'kutcha ntchito yake ndodo chabe. Funso loyenera silinali lakuti achotsapo zingati. Ndikanafunsa kuti ndi K60,000 yathuyo tingapeze angati abwino, yankho likanakhala atatu, ndipo tikanamasinthana.

N'zomwe tikuchita tsopano. Tinasonkhanso n'kuitanitsa anayi, ndipo tinapereka theka la ndalama poyamba kuti bambowo asagwire ntchito pangongole. Anafika mu Disembala atakulungidwa m'thumba la feteleza. Sawala ngati oyamba aja. Ali ndi timabala tambirimbiri ta kumenyana kwa miyezi ingapo, koma palibe lomwe lang'aluka. Timaphunzira anayi anayi, ena akudikira pambali, ndipo mnzanga wa chipsera uja ndi amene amawasunga pansi pa bedi lake n'kumawapaka mafuta mwezi uliwonse.

Asanu ndi anayi a paini aja tinawapereka kwa amayi ophika nsima kuseri kwa hositelo. Anatithokoza, anati amayaka bwino.