Ndinataya Mbuzi Ziwiri Chifukwa cha Chithokomiro

Anzanga alimi, masabata onse ndimakulemberani za chimanga ndi manyowa. Lero mundilole ndikambe za m'nyumba mwanga.

Mayi a kunyumba kwanga anayamba kuonda chonsecho nsima anali kudya kuposa ine. Mtima unali kugunda ngati athamanga, manja anali kunjenjemera mpaka kutaya madzi m'chikho, ndipo m'mwezi wa June, ife tikufunda mabulangete, iwo anali thukuta kamukamu. Ena anati awalodza, ena ananong'ona za kaliwondewonde. Ndivomere kuti inenso, mlangizi ndithu, ndinapereka mbuzi ziwiri kwa asing'anga.

Tsono atandituma ku chionetsero cha zaulimi pa Chichiri, ndinawatenga, ndipo tinapita ku chipatala cha Gulupu chimene chili pafupi pomwepo. Adotolo atayeza magazi anati ndi chithokomiro. Ndinadabwa, pakuti pakhosi panalibe chotupa chachikulu.

Anatiuza kuti munthu aliyense ali ndi chithokomiro pakhosi, ndipo ntchito yake ndiyo kulamula changu cha thupi. Chimene tichidziwa kumudzi ndi chotupa chobwera posowa ayodini, ndipo chimapewedwa ndi mchere wa ayodini. Koma cha mayiwa chinali china: chinali kugwira ntchito mopitirira muyeso, monga moto wotha nkhuni msanga. Chotere mchere sungachichize.

Anamwa mapiritsi a carbimazole chaka ndi theka napeza bwino, koma atasiya matenda anabweranso. Apo mlamu wanga wa ku Joni anawaitana, ndipo kumeneko anawamwetsa mbulu umodzi wa ayodini wotulutsa cheza chosaoneka ndi maso. Mankhwalawa anayamba ndi Dr. Saul Hertz ku Boston mu 1941. Chithokomiro chimakoka ayodini monga chimanga chikoka feteleza. Chikakoka ayodini ameneyu, cheza chija chimachifooketsa pang'onopang'ono, osachita opaleshoni. Mphamvu yake imatsika ndi theka pa masiku 8 alionse.

Malamulo ake ngolimba. Mayi wapakati kapena woyamwitsa sapatsidwa konse. Masiku oyamba anagona okha, osanyamula ana. Anauzidwanso kusatenga pakati kufikira itatha miyezi 6. Ambiri pambuyo pake chithokomiro chimafooka kwambiri, ndipo mayiwa tsopano amamwa kambulu ka thyroxine m'mawa uliwonse, moyo wawo wonse. Poyamba anadandaula nazo, koma chaka chino apalira okha ndime yonse ya mtedza, ine ndili ku ntchito.

Chifukwa chake, abale, mukaona munthu akudya bwino koma akuonda, mtima uli phaphapha, maso ngati atong'oka, musayambe mwaloza chala agogo a pamudzi. Pitani naye kuchipatala, mukapemphe kuti amuyeze magazi a chithokomiro. Mbuzi zanu zisungeni, zidzakuthandizani pa ulendo.