Mfumu ya Mimba Yaikuru

M'caka ca 1831 mnyamata wina wa ku Paris, dzina lace Honoré Daumier, anajambula cithunzi cimene cinamlowetsa m'ndende. Iye anajambula Louis-Philippe, mfumu ya dziko la France, ngati Gargantua, cimphona cosusuka ca m'nthano za kumeneko. Anaipatsa mimba yotupa ndi mutu wonga peyala, wosongoka pamwamba ndi wa masaya olendewera.

M'cithunzimo mfumu iri khale pa mpando, kukamwa kuli yasa, ndipo thabwa lalitali lacokera pansi kufikira pakamwa pacepo. Kunsi kwa thabwa kwaunjikana amphawi ovala nsanza, alikuponya tindarama tao m'dengu. Anchito a mfumu asenza madengu, nakwera nao kukakhuthulira m'kamwamo. Komatu nkhani yeniyeni iri kunsi kwa mpando, pakuti mpandowo ndi cimbudzi. M'menemo mulikugwa makalata a maudindo ndi a ulemu, ndipo akuluakulu ovala bwino alikulimbirana kuwatola. Munthu amene anadikirapo kalata yomkweza pa nchito sangaone mbali imeneyi osacita manyazi pang'ono.

Apa mpamene pali nzeru ya Daumier. Kunyoza nkhope ya mfumu ngakhale mwana angathe, koma iye anasonyeza makwerero onse a ufumu: wopereka, wosenza, wakudya ndi wotola zotsala. Wotolayo ndiye anacepetsedwa koposa, cifukwa ulemu umene ankayenda nao monyada unaoneka kumene unacokera.

Boma silinaseke nao. M'caka ca 1832 bwalo la milandu linamlamula kukhala m'ndende miyezi isanu ndi umodzi. Koma peyala, limene anayamba kulijambula ndi mkonzi wace Charles Philipon, linali litafika kale pa zipupa za m'mzinda, pakuti aliyense wokhala ndi khala m'manja akanatha kulilemba. Tsono m'caka ca 1835 anaika lamulo lakuti cithunzi ciri conse ciyambe caonedwa ndi boma cisanasindikizidwe. Anadziwa kuti nyuzipepala ifuna munthu wopita ku sukulu, pamene cithunzi acimva ngakhale mai wogulitsa ndiwo pa msika.

Louis-Philippe analamulirabe kufikira 1848, pamene anthu a ku Paris anamuukira. Anathawira ku England modzibisa, nadzicha dzina lakuti Smith.