Kuseri kwa makina ochapira

Eni nyumba akamandiitana amakhala atagula kale makina ochapira zovala, ndipo m'mutu mwawo anawayala kale: mzere woongoka, zitseko zagalasi zitayang'ana pakhomo. Ine funso langa loyamba limakhala la komwe madzi akuda azikatulukira.

Ndimagwira ntchito yoika makinawa ku Johannesburg, makamaka m'nyumba zosanja za ophunzira ku Braamfontein ndi ku Auckland Park, momwe anthu mazanamazana amachapira m'chipinda chimodzi. Makina amodzi akamataya madzi palibe vuto. Koma Lamlungu madzulo aliyense amakumbukira kuti mawa alibe chovala, makina 8 amataya pamodzi, ndiye paipi yopapatiza imabweza madziwo n'kuwalavulira pansi. N'chifukwa chake kuseri kwa mzere timaumba ngalande yotsetsereka yokathira mu paipi ya mamilimita 110, pakamwa pake pali sefa wogwira tiulusi, tsitsi, mabatani ndi makobili. Ndisanapereke makiyi ndimadzaza makina onse n'kuwatayitsa nthawi imodzi. Ngalande ikameza, ndiye kuti yatheka.

Mkangano ndi eni nyumba umabuka pa danga la kuseriko. Iwo amaona malo ongotayika oti pakanalowa makina ena. Ine ndimaona munthu amene adzalowemo atagwira sipanala tsiku lomwe valavu idzayambe kudontha. Akalephera kulowa, adzasuntha makina atatu kuti akonze amodzi.

Pansi naponso pamafunika kuganizira. Makina ena alibe masipuling'i, ndipo amamangidwa ndi mabawuti pa konkireti yokhuthala. Oterewa ukawaika pansanjika yachitatu, akayamba kufinya zovala nyumba yonse imanjenjemera ngati chigayo. Kumwamba timaika a masipuling'i, ngakhale ndi okwera mtengo, ndipo levulo sichoka m'manja. Za magetsi ndimasiyira mnzanga amene ali ndi chilolezo chosayinira satifiketi motsatira malamulo a SANS 10142-1. Changa n'kumukumbutsa kuti zotenthetsa madzi zimadya magetsi kuposa mota, choncho makinawo awagawe bwino pa mawaya atatu a three-phase. Thanki ya madzi ndi pampu yokankha sitikambirananso, chifukwa mipope ya mzinda uno imauma.

Gawo lomwe ndimalikonda ndi la mapampu a sopo. Ambiri a ife tinakula tikudziwa kuti thovu likachuluka ndiye kuti zovala zayera. Pochapa pamanja palibe choipa, koma m'makina a chitseko chakutsogolo thovu ndi mdani. Zovala zimayera chifukwa chonyamulidwa ndi kugwetsedwa, ndipo thovu likadzaza zimangogwera pofewa. Makinawo amavutika kutaya madzi, amatsukuluza mobwereza, wodikira pamzere n'kumang'ung'udza. Pampu imachotsa muyezo wa sopo m'dzanja la wochapa.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Muli chubu chofewa chopindidwa mozungulira, ndi timawilo tomwe timachifinya potembenuka, n'kumakankha sopo wamadzi pang'onopang'ono. Sopoyo sakhudza chitsulo chilichonse. Makina akafika poti alandire, amatumiza chizindikiro cha magetsi, pampu n'kuzungulira masekondi omwe ndinaiuza. Mutu umagwira pa masekondiwo. Ndimachotsa paipi, kuiloza m'kapu yoyezera, kuyendetsa pampu mphindi imodzi, n'kuwerenga mamililita. Zolembedwa pabokosi sindizidalira, chifukwa utali wa paipi umasintha zinthu. Mu Juni ndi Julaye kuno kumazizira koopsa, sopo amalimba, ndipo pampu yomwe inkapereka bwino mu Januwale imayamba kuumira. Chubu nacho chikatopa chimaphwatalala. Pampuyo imalirabe monga kale, koma sopo wofika m'makina wachepa, ndipo oyamba kuzindikira ndi ophunzira akamanunkhiza malaya awo.

Kayalidwe ka mapampuwa kali pawiri. Makina aliwonse atha kukhala ndi mapampu akeake, zomwe zimadzaza khoma ndi mapaipi, koma imodzi ikafa enawo amachapabe. Njira ina ndi gulu limodzi la mapampu lotumikira makina onse: sopo amathiridwa mu paipi imodzi, madzi n'kumukankha mpaka m'makina omwe apempha, ndipo awiri akapempha pamodzi wina amadikira. Njirayi ndi yaukhondo, zigubu za sopo zimakhala malo amodzi, koma bokosi lolamulira likazima chipinda chonse chaima. M'zipinda zazikulu ine ndimagawa mzere pawiri, mbali iliyonse ndi gulu lake. Eni nyumba amadandaula mtengo, kenako amavomera.

Zigubu za malita 25 ndimaziika pansi pa mapampu, chifukwa zikakhala pamwamba sopo atha kumayenda yekha usiku chubu chikatha mphamvu. Zimakhalanso m'kabati yokhoma. Sopo wosakhomera amamera miyendo, zifukwa zake mukuzidziwa.

Pomwe sindiseka ndi pa jiki. M'zipinda zomwe amachapiramonso zofunda ndi matawulo a nyumbayo mumakhala chigubu cha jiki, ndipo nthawi zina china cha mankhwala a asidi otsukuluzira komaliza. Ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya wa chlorine, womwe m'chipinda chapansi chopanda mawindo utha kugwetsa munthu. Amene amasintha zigubu si ine. Kawirikawiri ndi mayi wosesa, m'mawa kwambiri, ali ndi ntchito zina zikumudikira, ndipo tizilembo ta pachigubu n'tating'ono. Choncho chigubu chilichonse chimakhala m'beseni lakelake, paipi yake ili ndi tepi ya mtundu wofanana ndi wa pachivindikiro. Jiki ndimamuika kumapeto kuno, asidi kumapeto uko, ndipo mapaipi awo ndimawadula mwadala kuti akhale aafupi. Ngakhale mayiyo atakoka bwanji, paipi ya jiki singafike pachigubu cha asidi.